Zonse tikungoti n'zipere

M'mwezi wa Meyi 2025 nthumwi za maiko zinasonkhana ku Geneva pa msonkhano waukulu wa bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO. Mwa mfundo zimene anamanga kumeneko panali imodzi yonena kuti matenda a khungu aikidwe m'gulu la mavuto akuluakulu a zaumoyo. Amene anatsogolera mfundoyi ndi anzathu a mu Africa momwe muno, dziko la Côte d'Ivoire. Kuno kwathu nkhaniyi sinautse fumbi ayi. Nanga si anthu anali kalikiliki ndi mizere ya mafuta a galimoto komanso chisankho cha mu Sepitembala. Ndani akanataya nthawi kukamba za kuyabwa?

Komatu aka sikanali koyamba. Mu 2014 msonkhano womwewo unamanga mfundo yapadera pa nthenda imodzi ya khungu yotchedwa psoriasis, ndipo unanena poyera kuti anthu ambiri akuzunzika nayo popanda chifukwa, kaamba koti imapatsidwa dzina lolakwika kapena imazindikirika mochedwa. Lipoti limene WHO inatulutsa mu 2016 linati anthu osachepera 100 miliyoni ali ndi nthendayi padziko lapansi. Zaka zoposa khumi zadutsa chimangireni mfundo ija. Tsono funso langa nali: munthu wa ku Ndirande, ku Kawale kapena ku Chibavi amene watuluka zigamba za mamba m'zigongono lero, kodi mwayi wake woti auzidwe dzina lenileni la nthenda yake pa ulendo woyamba wakula? Ine ndikuona kuti ayi. Ndipo vutoli silikuyambira kuchipatala kokha. Likuyambira pa benchi ya mumsika, m'kachubu ka mafuta kamene ena mwa inu awerengi mumagulitsa, enanu mumagula.

Tiyambe taidziwa nthendayo, popeza ambirife dzina lake tikulimva kumene. Potchula amati soriyasisi, "p" wa kumayambiriroyo samveka. Khungu la munthu limadzikonza lokha nthawi zonse: latsopano limamera pansi, lakale limayoyoka pamwamba ife osaona n'komwe, ndipo ulendo umenewu umatenga pafupifupi mwezi wathunthu. Mwa munthu wa psoriasis chitetezo cha m'thupi chimasokonekera n'kuyamba kuthamangitsa ntchitoyi, kotero kuti zimene zikanatenga mwezi zimatha m'masiku ochepa, sabata osakwana. Khungu losakhwima limangounjikana, pamatuluka chigamba chokhuthala cha mamba otuwa ngati a nsomba youma. Malo amene imakonda ndi zigongono, mawondo, m'mutu, kumsana chakumunsi ndi pamchombo. Zikhadabo nazo zimatha kukhala ndi timaenje ngati wina wazibaya ndi singano, kapena kukhuthala n'kumatukuka.

Nthendayi sipatsirana. Ndibwereze, sipatsirana, kaya popatsana moni wa pamanja, kaya pogona mphasa imodzi, kaya m'banja. Nthawi zambiri imatsata kumtundu, ndipo imabwera n'kumapita: miyezi ina khungu lili see, miyezi ina yabukanso, makamaka munthu akakhala ndi nkhawa, akamamwa mowa kwambiri kapena kusuta fodya. Mankhwala oichotseratu palibe, koma oigoneka alipo, ndipo munthu amene wapeza thandizo loyenera amagwira ntchito zake ngati wina aliyense.

Tsoka la nthendayi kuno kwathu n'lakuti tilibe mtanga woiikamo. Matenda a khungu tinawagawa m'mitanga yowerengeka. Chikakhala chozungulira, ndi chipere. Chikamayabwa usiku, ndi mphere. Chikamang'ambika n'kumasuwa, ndi chikanga. Chikakhala m'mutu, ndi mfundu chabe, sinthani sopo. Chikatuwa n'kukhalitsa, anthu amayamba kunong'onezana za khate. Chikakana zonsezi ndiye kuti pali munthu wakupondetsa, kapena ndi magazi oipa, apo ayi "ndi zomwezi", inu mukudziwa chimene anthu amatanthauza akamatero. Psoriasis ikhoza kugwera mumtanga uliwonse mwa imeneyi malinga ndi pamene yatulukira ndi amene wayamba kuiona. Ndipo mtanga uliwonse uli ndi mankhwala ake, kotero kuti dzina likalakwika, zonse zotsatira zimalakwika.

Tisadzinyoze kwambiri. Azungu nawonso anasokonezeka kwa zaka mazanamazana, ndipo anthu ambiri a psoriasis anasalidwa ngati akhate. Dokotala wa ku England Robert Willan, amene anaifotokoza bwino nthendayi chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800, ankatchulabe mtundu wina wake ndi dzina la khate. Amene anasiyanitsiratu ziwirizi ndi Ferdinand von Hebra wa ku Vienna mu 1841, ndipo kachilombo koyambitsa khate kanadzapezeka mu 1873 ndi Gerhard Armauer Hansen wa ku Norway. Kungoti iwo anatulukamo m'chisokonezocho, koma mabuku amene analemba potuluka analemba akuyang'ana khungu lawo.

Pamenepa ndiye pali nkhani. Buku limauza wophunzira udokotala kuti psoriasis ndi chigamba chofiira chokhala ndi mamba oyera. Pa khungu la mzungu n'zoona. Pa khungu lakuda kufiirako sikuoneka kawirikawiri. Chigambacho chimakhala chodera kuposa khungu lozungulira, nthawi zina chonga mtundu wa mabilinganya, nthawi zina chotuwa ngati phulusa. Chikapola chimasiya banga lakuda kapena loyererako limene limatha miyezi, ndipo banga loyereralo ndi limene limautsa manong'onong'o a khate aja. Munthu amene anaphunzira kufunafuna kufiira adzayang'ana mkono wa Mmalawi n'kunena kuti palibe kutupa kulikonse. Vutoli linamukwana mnyamata wina wobadwira ku Zimbabwe, Malone Mukwende, amene ankaphunzira udokotala pa St George's ku London. Ankati akafunsa m'kalasi kuti chizindikiro chakutichakuti chimaoneka bwanji pa khungu ngati lake, yankho lomveka panalibe. Mu 2020 iye pamodzi ndi aphunzitsi ake awiri anatulutsa kabuku kotchedwa Mind the Gap kosonyeza zizindikiro za matenda pa khungu lakuda. 

Chinanso n'chakuti ambiri amakhulupirira kuti psoriasis ndi nthenda ya azungu. N'zoona kuti kafukufuku amaipeza kwambiri ku Ulaya ndi ku Australia. Koma kafukufuku wamkulu amene anatuluka m'magazini ya zachipatala ya BMJ mu 2020 anapeza kuti ndi maiko 19 okha mwa 100 aliwonse amene ali ndi chiwerengero cha anthu odwala nthendayi. Ena onsewo n'kungoyerekeza. Apa zinthu zimangozungulira ngati galu wothamangitsa mchira wake: sitiiganizira chifukwa amati njosowa, sitiilemba m'kaundula chifukwa sitinaiganizire, ndipo imaoneka yosowa chifukwa m'kaundula mulibe.

Tiyerekeze mtsikana wa Folomu 3 pa sukulu yogonera konko. Wadwala zilonda za pakhosi, zapola. Patapita sabata ziwiri kapena zitatu thupi lonse latuluka timawanga ting'onoting'ono ngati madontho a mvula, pamimba, kumsana, m'mikono. Uwu ndi mtundu wa psoriasis umene umakonda ana ndi achinyamata, umatsatira tizilombo ta pakhosi tija, ndipo kawirikawiri umazilala wokha m'miyezi ingapo. Koma ku hositelo ndani akudziwa zimenezo? Chigamulo chagwa kale: mphere. Anzake asuntha mabedi, ndowa yake palibe woikhudza. Apatsidwa mankhwala a mphere a benzyl benzoate, amene amawawa pa khungu lotupa kale, ndipo zinthu zaipiraipira. Pofika holide azakhali ake amuti, "Iwe, zachipatalazo zisiye, pali mafuta enaake kumsika amachotsa chilichonse."

Mafuta amenewa tiyeni tiwakambe bwinobwino, chifukwa ndi pamene pagona nkhani yonse.

Pitani pa benchi iliyonse ya zodzoladzola mumsika wa m'tauni, mukapeza timachubu tolembedwa kuti timachiza zipere, ziwengo, ziphuphu, mawanga, kuyabwa, zonse pamodzi. Tembenuzani kabokosiko muwerenge timalemba tating'ono. Mukaona mawu ngati betamethasone, clobetasol kapena dexamethasone, dziwani kuti mwagwira mankhwala a gulu la steroid. Ambiri mwa mafutawa amasakaniza zinthu zitatu: steroid, mankhwala a mafangasi monga clotrimazole, ndi mankhwala a mabakiteriya monga gentamicin kapena neomycin. Mafuta ena oyeretsa khungu amene amayi amawakonda alinso ndi clobetasol yemweyo, amene ali m'gulu la ma steroid amphamvu kwambiri odzola. Ntchito ya steroid ndi kuziziritsa kutupa ndi kuyabwa, ndipo pa ntchito imeneyi ndi katswiri. Masiku atatu okha kuyabwa kwatha, mamba agwa, wogula wabwerera kudzathokoza ndipo wabwera ndi mnzake. Wogulitsa naye amakhulupirira ndi mtima wonse kuti wathandiza munthu. Chikomekome cha nkuyu.

Nyerere zake nazi. Ngati munthuyo anali ndi chipere chenicheni, steroid wagoneka asilikali a pakhungu amene amalimbana ndi fangasi. Fangasiyo amayamba kuyenda momasuka, chipere chimakula, mkombero wake wozungulira uja umafufutika, ndipo chimasanduka chinthu chosadziwika mutu wake chimene chikhoza kufanana ndi chikanga kapena psoriasis. Madokotala a khungu anachipatsa dzina lakelake, tinea incognito, kunena kuti chipere chodzibisa. Ngati munthuyo anali ndi psoriasis, steroid wachotsa mamba aja amene akanamuthandiza dokotala kuizindikira, ndipo tsiku limene chubu chatha nthendayo imabwerera ndi ukali woposa poyamba. Munthu amagulanso china. Kenako china. Pakutha pa chaka khungu lapyapyala, latuluka mizere ngati ya pamimba pa mayi amene wabereka, mitsempha ikuonekera, zilonda sizipola msanga. Akamadzola malo aakulu kwa nthawi yaitali mankhwalawo amalowa m'magazi n'kukweza shuga ndi BP, nkhope n'kufufuma. Mwa ana aang'ono zimenezi zimachitika msanga.

Ndisanamizire mankhwala. Steroid wodzola ndi amodzi mwa mankhwala enieni a psoriasis, dokotala akasankha mphamvu yake, malo odzola ndi masiku ake. Cholakwika n'kudzola mwakhungu, tisanadziwe chimene tikulimbana nacho.

Amene akuganiza kuti ndikukokomeza afunse za ku India. Kumeneko mafuta osakaniza otere anagulitsidwa mwachisawawa kwa zaka zambiri, ndipo madokotala a khungu anayamba kulandira anthu, nthawi zina banja lonse, ali ndi zipere zofalikira thupi lonse zosamva mankhwala. Mu 2020 fangasi wake anapatsidwa dzina latsopano, Trichophyton indotineae. Kawirikawiri samva terbinafine, mankhwala amene kale ankathetsa chipere mosavuta, ndipo wapezeka kale ku Ulaya ndi ku America. Akatswiri ambiri akuloza chala mafuta osakaniza aja. Ifenso tili pa msewu womwewo, ndipo tilibe ndalama za mankhwala odula amene amafunika fangasi akakhwima chotero.

Tsopano munthu uja wafika kuchipatala, mwina patatha chaka. Sindikufuna kunyoza achipatala. Kiliniko ofesa amene mzere wake wafika panja, akudikiridwa ndi ana a malungo ndi amayi oyembekezera, sangakhale ndi mphindi 20 za munthu woyabwa. Wodwala naye, mwa manyazi, amangopinda mkono wa malaya n'kuonetsa kachigamba kamodzi. Chikhalirecho khungu limafuna kuonedwa lonse, poyera bwino, kuyambira m'mutu, kuseri kwa makutu, pamchombo, m'zikhadabo mpaka ku mapazi. Chigamba chimodzi pa chigongono chikhoza kukhala chipere. Zigamba zofanana pa zigongono zonse ziwiri ndi mawondo onse awiri, kuphatikiza mfundu yokhuthala ndi timaenje m'zikhadabo, ndi nkhani ina. Koma zimenezi amaziona yekhayo amene wauza wodwala kuti avule.

Tsegulani kabuku ka kuchipatala ka munthu wotere. Tsamba loyamba, Whitfield. Lachiwiri, clotrimazole. Lachitatu, mapiritsi a griseofulvin. Lachinayi, Whitfield kachiwiri. Ulendo uliwonse wakumana ndi dokotala wina, ndipo palibe amene anabwerera masamba a m'mbuyo n'kudzifunsa kuti, kodi chipere chanji chimene chakana mankhwala onse a chipere? Choipitsitsa, ena a ife kabuku kakadzaza kapena kakatayika timangogula katsopano pa geti, mbiri yonse yafufutika, tayambiranso pa Whitfield. Chipere cha pathupi chikalandira mankhwala oyenera chimasintha m'sabata ziwiri mpaka zinayi, cha m'mutu chimafuna mapiritsi kwa sabata zisanu ndi imodzi kapena kuposerapo. Chikapanda kusuntha, dzina lija likayikiridwe.

Pali chinthu china chimene chimandiopsa kuposa mafuta: mapiritsi a prednisolone ndi jekeseni wa steroid. M'tizipatala tina tolipira, kumene wodwala amafuna kuona kuti ndalama yake yagwira ntchito, amenewa ndiwo mankhwala a ziwengo zilizonse. Kwa munthu wa psoriasis khungu limayera ngati matsenga. Akasiya kumwa mwadzidzidzi, nthendayo ikhoza kusanduka mtundu woopsa, thupi lonse kutupa n'kumasuwa ngati wapsa ndi madzi otentha, kapena kutuluka timatuza ta mafinya paliponse, kutentha thupi, kutaya madzi. Apo si nkhani ya kukongola. Munthu amagonekedwa, ndipo ena amamwalira. Palinso mankhwala a matenda ena amene amaiputa nthendayi, monga propranolol ndi atenolol a BP ndi lithium wa matenda a maganizo. Chloroquine nayenso ali m'gulu lomweli, bola kuti Malawi anamusiya mu 1993 ngati mankhwala oyamba a malungo. Amene akumwa mankhwala a BP asasiye okha, akauze dokotala asinthe.

Chisokonezochi chili ndi mbali yachiwiri, ndipo imeneyi ndiyo imadula zala. Pali matenda amene amaoneka ngati chipere kapena psoriasis koma ali oopsa kuposa pamenepo. Loyamba ndi khate. Malawi anafika mu 1994 pa mlingo umene WHO imati khate lasiya kukhala vuto lalikulu la dziko, ndiko kuti odwala osakwana mmodzi mwa anthu 10,000 aliwonse. Inali ntchito yotamandika ya boma ndi bungwe la LEPRA, limene linayamba ntchito muno m'zaka za m'ma 1960 ndipo mu 1979 linayambitsa kafukufuku wotchuka wa ku Karonga. Koma anthu anamva ngati khate latheratu, lasanduka mbiri ya ku Utale. Silinathe. Odwala atsopano akupezekabe, ndipo m'badwo wa achipatala amene ankalidziwa ndi maso ukupita ukuchepa. Banga la khate siliyabwa, ndipo limachita dzanzi. Kuyeza kwake n'kotchipa kosaneneka: wodwala atsinzine, mumukhudze pabangapo ndi kathonje. Wa psoriasis kapena chipere adzamva. Wa khate nthawi zambiri sadzamva. Mankhwala ake ndi aulere, a miyezi 6 kapena 12, ndipo amachiziratu. Koma mitsempha ikafa chifukwa munthu anataya zaka ziwiri akudzola mafuta a mumsika, mankhwalawo sangaidzutse.

Chindoko nachonso chimadziwa kudzibisa. Patapita sabata kapena miyezi chilonda cha kumaliseche chitapola, chimatulutsa mawanga a mamba pathupi, m'zikhatho ndi kumapazi, osayabwa kwenikweni. Mawangawo amatha okha, munthu n'kuyamika mafuta amene anagula, pamene nthendayo yangolowa m'kati, ikudikira kuwononga mtima, ubongo kapena mwana wa m'mimba. Kuyeza magazi ndi jekeseni wa penicillin zikanathetsa nkhaniyo. Palinso khansa ina yosowa ya pakhungu yotchedwa mycosis fungoides imene imatha zaka ikutchedwa chikanga kapena psoriasis, mpaka wina atadula kachidutswa ka khungu kukakapima.

Za HIV tinene mosapita m'mbali. Psoriasis ikabuka mwadzidzidzi ndiponso mwamphamvu mwa munthu wamkulu amene sanadwalepo, n'chanzeru kuyezetsa magazi, chifukwa chitetezo chikatsika nthendayi imalusa, ndipo ma ARV, amene boma linayamba kupereka mwaulere mu 2004, kawirikawiri amaigoneka. Koma anthu ochuluka a psoriasis alibe HIV. Ife amene timapima anzathu ndi maso m'minibasi tawonongetsa maukwati ndi mabizinesi. Mayi wogulitsa mandasi amene manja ake achita mamba amaona makasitomala akudutsa kupita kwa mnzake. Wometa tsitsi amavala malaya a manja aatali mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Palibe amene angatenge kanthu kwa anthu amenewa, koma pamsika chigamulo sichidikira umboni.

Kwa asing'anga nakonso nthendayi ili ndi msampha wake. Dokotala wa ku Germany Heinrich Koebner anaona m'zaka za m'ma 1870 kuti munthu wa psoriasis akavulala pa khungu labwinobwino, kaya wadzicheka, kaya wakandika, pamalo pomwepo pamamera chigamba chatsopano. Tsono taganizani za mphini. Munthu watemedwa mphini khumi kuti achotse zomulodza, pakatha sabata ziwiri pa mphini iliyonse pamera mamba, mwandondomeko ngati mizere ya m'munda. Abale amati, mwaona, mfitiyo yabwezera. Amabwerera kukatemedwanso. Chimodzimodzi amene amapala mambawo ndi mwala wotsukira mapazi kapena chinkhupule chokhakhala poganiza kuti ndi litsiro: akuthirira nthendayo.

Ndipo kuchedwa konseku kuli ndi mtengo umene suoneka pakhungu. Mwa anthu 10 a psoriasis, mpaka atatu amadzadwala kutupa kwa molumikizana mafupa. Chala chimodzi chimatupa chonse ngati soseji, chidendene chimapweteka, msana umauma m'mawa mpaka munthu atayendayenda. Poti palibe amene anaitchula dzina nthenda ya pakhungu ija, palibenso amene amalumikiza ziwirizi. Amati ndi nyamakazi, imwani Brufen. Mafupa akakukutika n'kupindika sabwereranso. Kwa telala, kalipentala kapena mwana wa sukulu wogwira cholembera, kumeneko n'kutha kwa ntchito. Anthu a psoriasis alinso pachiopsezo chokulirapo cha shuga, BP ndi matenda a mtima, choncho kudziwa dzina la nthenda kumamuthandiza dokotala kudziwa china choyeza.

Ena adzati, dziko losauka ngati lino lingathe bwanji zonsezi? Zimene zikufunika poyamba si makina a mamiliyoni. Kathonje kaja. Kuwala kwa dzuwa. Kampeni kopalira mamba pang'ono, dontho la mankhwala otchedwa potassium hydroxide, ndi maikulosikopu yomweyo imene amaonera malungo ndi TB: m'mphindi zochepa zimadziwika ngati pali fangasi kapena palibe. Anthu odziwa ntchitoyi aliponso. Kuyambira 1992 sukulu ya Regional Dermatology Training Centre ku Moshi m'dziko la Tanzania yakhala ikuphunzitsa makiliniko ofesa a maiko a kuno za matenda a khungu, ndipo Amalawi anaphunzirako. Ku Queens ku Blantyre ndi ku Central ku Lilongwe kuli makiliniki a khungu. Masiku ano wachipatala wa kumudzi akhoza kujambula chigamba pa foni, wodwala atavomera, n'kutumiza kwa katswiri. Chimene chikusowa ndi lamulo losavuta limene aliyense wolemba mankhwala angalitsate: nthenda ya khungu imene yakana mankhwala oyenera kwa mwezi wathunthu isalemberedwenso mankhwala omwewo, ipalidwe, iyezedwe, kapena itumizidwe kwa wodziwa.

Dzina likapezeka, thandizo loyamba silodula kwambiri. Vaseline wamba wodzola tsiku lililonse amafewetsa mamba. Pali mafuta a salicylic acid, a phula la malasha, ndi steroid wa mlingo woyenera. Kuothera dzuwa pang'ono kumathandiza ambiri. Ikakula kapena ikalowa m'mafupa pali methotrexate, mankhwala akale ndithu, amene amamwedwa kamodzi pa sabata, osati tsiku lililonse, oletsedwa kwa mayi woyembekezera, osagwirizana ndi mowa, ndipo amafuna kuyeza magazi ndi chiwindi pafupipafupi. Mu Sepitembala 2025 WHO inaonjezera mankhwala amakono a psoriasis pa mndandanda wake wa mankhwala ofunikira. N'zabwino, koma ngakhale atafika mawa ku nkhokwe za boma, angapatsidwe kwa ndani ngati m'kabuku mwa wodwala mwalembedwa chipere?

Bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2019 m'malo mwa bodi yakale ya mankhwala, ndilo lili ndi udindo woona zimene zikugulitsidwa. Kulanda katundu wa mayi wa pabenchi kamodzi pa chaka, atolankhani akujambula, sikungathetse kanthu. Mayiyo sanapange chubucho, ndipo mwina sanauzidwepo kuti clobetasol n'chiyani. Afunsidwe ndi amene amaoda makatoni n'kuwadutsitsa m'zipata, ndi amene amalola kuti mankhwala amphamvu chotere alowe atavala dzina la zodzola. Koma inunso amalonda anzanga, muvomereze kuti kwa anthu ambiri chipatala choyamba cha khungu ndi benchi yanu. Kasitomala amene wabwera kachitatu kudzagula chubu chomwecho pa chigamba chomwecho sakuchira ayi. Kumuuza kuti, "Achimwene, izi zakana, kaonetseni ku kiliniki ya khungu," kukutayitsani phindu la chubu chimodzi. Ndi ochepa amene angakusungireni mangawa pa zimenezo.

Inu amene mwakhala ndi chigamba chosatha, mukapita kuchipatala musapinde mkono wokha. Nenani kuti chinayamba liti, ngati kumtundu kwanu alipo wina wotere, ngati zala kapena msana zimauma m'mawa, ndipo pemphani kuti akuoneni m'mutu ndi m'zikhadabo. Kabuku kakale musakasiye kunyumba. Ngati mwakhala mukudzola steroid malo aakulu kwa miyezi, kapena kumwa prednisolone, musasiye mwadzidzidzi panokha, amachepetsa pang'onopang'ono. Ndipo nyamulani machubu onse amene mwagwiritsa ntchito, ngakhale otha ndi ophwanyika, pamodzi ndi timabokosi take. Dokotala akawerenga clobetasol pa chubu adzadziwa kuti khungu limene akuliona si nkhope yeniyeni ya nthendayo, ndipo mwina adzakuuzani kuti mubwerenso pakatha sabata ziwiri, mankhwala aja atatha mphamvu, kuti apale bwinobwino.